Thandala la m'Bafa Lathu

Tauni ya Kafue iri m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Kafue, makilomita oposa 40 kumwera kwa Lusaka. Munthu wocokera ku Livingstone pa sitima ya pamtunda amaoloka mlatho wautali wa njanji umene unamangidwa m'caka ca 1906, ndipo akangooloka ndiye kuti wafika kwathu. Kale Kafue anali kamudzi ka pa siteshoni. Koma dziko lathu litalandira ufulu mu 1964, kunamangidwa mafakitale akulu-akulu, monga ya nsalu yochedwa Kafue Textiles, ndi ya feteleza yochedwa Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba nchito mu 1970. Anthu anabwera kucokera ku zigawo zonse kudzafuna nchito. Atate nawonso anasiya makasu kwathu ku Katete, nadzalembedwa ku fakitale ya nsalu, ndipo ine ndinabadwira komweko.

Nyumba imene Atate anapeza poyamba inali m'Zambia Compound. Inali ya zipinda ziwiri, yofoleredwa ndi malata akale, ndipo kuseri kwake kunali bafa. Ena a inu, ana, amene munabadwira m'nyumba za mipope, kapena simulidziwa bafa lotere. Linali kampanda ka udzu ndi bango, kopanda denga, ndipo pakhomo pake tinkapacikapo thumba la ufa long'ambika. Pansi Atate anayalapo miyala itatu yaphanthi-phanthi kuti munthu asaponde matope. M'menemo tinkasamba tonse asanu ndi awiri, wina akatuluka wina nalowa. Zobvala tinkazikoleka pa mpanda. Koma sopo, cinkhupule ndi mwala wotsukira zidendene zinalibe malo. Tinkangoziika pansi pambali pa ndowa.

Kuti mumvetse nkhani yanga, muyenera kudziwa mmene sopo analiri masiku amenewo. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, dziko linayamba kusowa ndalama zakunja zogulira zinthu zimene mafakitale amafuna. Pofika zaka za m'ma 1980, sopo, mafuta ophikira, shuga, ngakhale mcere, zinkasowa m'masitolo masiku ambiri. Mbiri ikamveka yakuti galimoto la katundu lafika, akazi ankadzuka usiku nakaima pa mzere pakhomo pa sitolo, ana ali kumbuyo, ndipo ena ankabwerako manja lende.

Tsiku lina Amai anacita mwai, nabwera ndi sopo wautali mmodzi. Anamdula ndi mpeni zidutswa zinai. Zitatu anazikulunga m'nsalu nazibisa pansi pa sutikesi, ndipo cimodzi anacipereka kuti cikhale cosambira banja lonse. Madzulo ake ine ndinali wotsiriza kusamba. Ndiri mkati, ndinamva anzanga akuitana dzina langa ku bwalo kumene tinkamenyera mpira wa mapepala. Ndinadzithira madzi msanga-msanga, ndinabvala thupi lisanaume, ndi kuthamanga. Sopo uja ndinamsiya pakati pa miyala iwiri, pamene madzi ankaima. Usiku kunagwa mvula yamphamvu, pakuti unali mwezi wa December.

M'mawa Amai anandiitana. Ndinawapeza atagwada m'bafa, supuni iri m'manja, akutapa sopo amene anasanduka ngati phala losakanizika ndi mcenga, nam'thira m'cibvundikiro ca citini kuti akam'yanike pa dzuwa. Ndinayembekeza kuti andikwapula, koma sanatero. Anangoti, "Mwana wanga, sopo uyu ndinam'imira pa mzere kuyambira tambala woyamba kufikira dzuwa lili paliombo." Atanena mau amenewa anapitiriza kutapa. Kunena zoona, mkwapulo ukanandipepukira.

Kwa masiku angapo ndinalibe mtendere. Potsiriza ndinaganiza zakuti ndikhome shelefu m'bafamo, monga imene ndinaiona m'ofesi ya aphunzitsi aakulu, kuti sopo asakhalenso pansi. Sindinauze munthu, cifukwa ndinafuna kuti onse adabwe. Ndinatola bokosi lothyoka la matimati kumsika, ndinazulamo misomali ndi kuiongola pa mwala, ndipo ndinalumikiza matabwa atatu mothinana bwino, osasiya mpata ngakhale wolowa singano. Ndinaikhomera pa mizati iwiri ya mpanda, polingana ndi cifuwa canga. Pamwamba pake ndinaikapo sopo, cipeso, galasi limene Atate ankayang'anapo pometa ndebvu, ndi lumo lao. Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono, ndinaiyang'ana, ndipo ndinadziona ngati mmisiri weni-weni. Atate anandiyamika, nati, "Wacita zaumuna."

Koma shelefu yangayo inali ndi zolakwa zimene ine sindinazione. Popeza matabwa anali othinana, madzi a mvula ndi odontha m'manja mwathu ankaima pamwamba pake, ndipo sopo ankagona m'madzi monga kale, kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano ankasungunukira m'mwamba. Matabwa a mabokosi ngofewa; anamwa madzi, natupa, nayamba kumera ndere. Misomali inacita dzimbiri. Ciswe naco cinakwera m'mizati ya mpanda, nicilowa m'matabwa mwakacetecete, kumadya mkati ndi kusiya khungu lokha kunja.

M'mwezi wa February shelefu inagwa. Panalibe anaimva. Woyamba kulowa m'bafamo anali mlongo wanga wamng'ono, wa zaka ziwiri, amene ankakonda kutsata nkhuku kuseri kwa nyumba. Anapeza galasi litasweka ndi lumo liri pansi likunyezimira, ndipo monga acitira ana, analifumbata. Tinamva kulira koopsa. Amai anamanga dzanjalo ndi duku lao, nam'bereka, nathamanga naye ku cipatala caching'ono ca pafupi, ine ndikutsata m'mbuyo ndikulira koposa mwini bala. Anam'soka cala capakati. Cipsera cake ciripo kufikira lero.

Zokolola zitatha, m'mwezi wa June, Agogo aamuna, atate ao a Amai, anabwera pa basi kucokera ku Katete kudzationa. Atamva za cala ca mdzukulu wao, sanakalipe. M'mawa mwake anandiuza kuti ndiwaonetse matabwa aja. Anawatembenuza-tembenuza, nabaya limodzi ndi cala, ndipo cala cinalowa. Pamenepo anandigwira dzanja napita nane pa thandala la mbale la Amai, limene linali pafupi ndi khichini.

"Mdzukulu wanga," anatero, "tayang'ana pansi pa thandala ili. Ukuonapo ciani?"

"Pansi panyowa, Agogo."

"Nanga mbale?"

"Mbale zauma."

"Eya. Makolo ako sanali opusa posiya mipata pakati pa timitengoti. Madzi safuna kukhala pamwamba, afuna njira yopita pansi. Ukawapatsa njira, apita okha, ndipo mphepo ilowa ca kunsi nidzaumitsa zotsala. Iwe unatengera shelefu ya mabuku, koma mabuku sasamba. Thandala unali kuliona masiku onse, osalifunsa. Paja safunsa anadya phula."

Ndinacita manyazi, komanso ndinakondwa, cifukwa Agogo anati tipange lina pamodzi. Nchitoyo inatitengera masabata atatu, ndipo ine, amene ndinakhoma shelefu yanga madzulo amodzi, ndinaona ngati Agogo akucedwa dala. Anapempha nsungwi kwa munthu wina wa dimba, nasankha zokhwima zokha-zokha, zimene khungu lake layamba cikasu. Anazing'amba timizere ta ukulu wa zala ziwiri, nazimiza m'mgolo wa madzi masabata awiri. Anandiuza kuti m'nsungwi yaiwisi muli cakudya cimene tizirombo tofumbutsa mitengo timacikonda, ndipo madzi amacicotsa. Zitauma pamthunzi, tinazipala m'mbali ndi mpeni kuti zisaceke munthu.

Thandala latsopano sanalikhomere pa mpanda ai. Analipatsa miyendo yake inai ya mitengo yolimba, naiwaula pa moto ca kumatsinde, ndipo mwendo uliwonse anauimika pa mwala. Anati, "Ciswe sicikonda kuyenda poyera. Cikafuna kukwera mwala uwu cidzayamba camanga kanjira ka dothi, ndipo iwe udzakaona ndi kukaphwanya." Msomali sanakhomepo ngakhale umodzi. Zonse tinamanga ndi malegeni, ndiyo mphira yoceka ku cubu cakale ca njinga, imene siopa madzi kapena dzimbiri. Pakati pa nsungwi ndi inzake ankaikapo cala cao cacing'ono, kuti mipata ikhale yofanana. Popeza bafa linalibe denga, pamwamba peni-peni anamangapo kacidutswa ka lata kopendekeka, kuti mvula izitsetserekera kunja kwa mpanda.

Cimene ndimacikumbukira koposa ndi mayesedwe ao. Agogo analibe tepi kapena lula. Anaitana mlongo wanga uja, cala cake citapola, namuuza kuti aime pambali pa mwendo wa thandala ndi kukweza dzanja monga wofuna kuthyola mango. Pamene zala zake zinalekeza analembapo ndi khala. Anaonjezapo mkono umodzi, kuyambira pa cigongono kufikira ku nsonga za zala, nati, "Mwana amakula, ndiponso amadziwa kukwera pa ndowa." Pamenepo ndipo anamanga nsanja yapamwamba. Imeneyi inali ya lumo, limene tsopano linkakhala m'kacitini kotseka, ndi galasi latsopano, ndi mankhwala a zipere.

Nsanja yapakati anaiyesa pa mng'ono wanga wa zaka zisanu ndi cimodzi, pakuti anati mwana amene wayamba kusamba yekha ayenera kufikira sopo popanda kuitana munthu. Apa panali sopo, cipeso, ndi citini ca miswaci cimene anacibowola pansi ndi msomali kuti madzi asaimemo. Nsanja yapansi inali ya ndowa, beseni ndi mwala wa zidendene. Ndowa ndi beseni analamula kuti zizikhala zobvundikira, kukamwa pansi. Inu a ku Kafue mukudziwa cifukwa cake: tauni yathu iri pafupi ndi madambo aakulu a mtsinje, udzudzu ngwambiri, ndipo timadzi totsalira m'ndowa tikwanira kuti uswanemo. Cinkhupule anacipatsa kanthambi kokhota kokolekapo, kuti cizilendewera mphepo ikucipita mbali zonse.

Tsono panabuka mlandu umene Agogo sanauyembekeze. Mlongo wanga wamkulu, amene anali namwali wa ku sekondale, ataona kuti thandala laoneka bwino, anafuna kulikongoletsa. Anabweretsa mabotolo atatu a mafuta odzola amene anatha kale-kale, koma iye ankawasunga cifukwa ca maonekedwe ake. Anabweretsanso cithunzi ca mathithi a Victoria codula pa kalendala, ndi duwa lobzala m'citini. Agogo anakana. Anati ciriconse cimene cikhala m'bafa cimafuna kutsukidwa, ndipo botolo lopanda kanthu ndi nchito yopanda malipiro. Mlongo wanga anagwada monga mwa mwambo, koma sanagonje. Anati, "Agogo, kwanu kumudzi akazi amatsira nyumba ndi dothi lamitundu-mitundu, kodi dothilo limadyedwa?" Agogo anaseka mpaka kutsokomola. Amai ndiwo anaweruza: anam'patsa ngodya imodzi ya nsanja yapakati, ndi lamulo lakuti mabotolo akhale otseka ndipo aziwatsuka yekha Loweruka liri lonse.

Ine pa nthawiyo ndinali ku mbali ya Agogo. Lero ndimaona kuti mlongo wanga anali ndi mfundo. Cithunzi cija cinanyowa ndi kufufuma mwezi usanathe, ndipo tinacitaya. Koma duwa ndi mabotolo zinacita nchito imene sitinaiganizire. Malo aja atayamba kuoneka ngati malo a ulemu, tonse tinayamba kucita manyazi kuponyapo zinthu cisawawa. Ngakhale mng'ono wanga, amene ankataya malaya pali ponse, ankabwezera cipeso pamalo pake. Akazi a nyumba zoyandikana nafe ankabwera kudzasuzumira, ndipo Agogo asanabwerere ku Katete anamanga mathandala ena awiri, nalandira nkhuku. Kacidutswa ka sopo kamene kale kankatha pa sabata imodzi kanayamba kufika masabata awiri, pakuti sopo wouma ngwolimba ndipo sapereka thobvu loposa limene munthu afuna.

Patapita zaka ziwiri Atate anapatsidwa nyumba ku Kafue Estates, kumene kunamangidwa nyumba za anthu a nchito za m'mafakitale. Kumeneko bafa linali m'nyumba momwe, la makoma a simenti, lokhala ndi mpope ndi kazenera kakang'ono m'mwamba. Tinayesa kuti mabvuto a madzi atha, koma tinapeza mdani wina, ndiye cinyezi. M'bafa la udzu dzuwa ndi mphepo zinkaumitsa zonse. Muno nthunzi inkakhala m'kati, makoma nacita mathotho akuda, ndipo thaulo losiyidwa lopindika linkanunkha tsiku laciwiri. Nyumbayo sinali yathu, cotero sitinafune kubowola makoma. Amai anatuma ine kukatenga thandala la Agogo pa wilibala. Alendo ena ankaliseka, amvekere, "Mwabwera nao mudzi m'tauni!" Amai sankayankha. Pambuyo pake Atate anapita kwa kalipentala kuti awapangire lina la mlombwa, mtengo umene ambiri kuno amauchula mukwa, umene suola msanga ndipo ciswe siciukonda. Kalipentala anafuna kuika matabwa athunthu kuti lioneke lacizungu, koma Atate anaumirira kuti aceke timizere ndi kusiya mipata, monga mwa thandala la apongozi ao.

Kuyambira 1991, pamene malamulo a zamalonda anasintha, katundu anayamba kudzaza m'masitolo, ndipo lero mzere wa sopo ndi nthano cabe kwa inu. M'masitolo a ku Kafue ndi ku Lusaka muli mashelefu a m'bafa amitundu yambiri: apulasitiki, awaya, agalasi, ena opangidwira pa ngodya, ena omata pa khoma popanda msomali. Ena ngabwino ndithu, makamaka apulasitiki okhala ndi mabowo. Agalasi ngokongola, koma ine sindingawaike m'nyumba ya ana. Omata aja amagwira masiku oyamba, kenaka usiku wina mumangomva phokoso. Oipitsitsa ndi a matabwa opangidwa ndi utuci womata, amene kunja amawala ngati a mfumu, koma akalawa madzi amatupa ngati mkate. Ndikafuna kugula, ndimaona poyamba kumene madzi adzatulukira, ndipo ogulitsa amadabwa kuona munthu wamkulu akusuzumira kunsi kwa shelefu.

Nsanja yapamwamba masiku ano yalemera kuposa kale. Kuonjeza pa lumo, m'nyumba zambiri muli mankhwala otsukira cimbudzi, ena oyeretsa zobvala, ndi kolorini wothira m'madzi akumwa. Anthu ena amathira mankhwala otere, ngakhale parafini, m'mabotolo a zakumwa zotsekemera, ndipo mwana waludzu sadziwa kusiyanitsa. Inu amene muli ndi ang'ono anu, mukapeza botolo lotere liri pansi, likwezeni pamene iwo sangafike, ndipo muuze akulu. Mwana akamwa parafini kapena mankhwala otsukira, musam'sanzitse, pakuti pobwerera amaocha kummero ndipo angalowe m'mapapo. Thamangani naye ku cipatala, mutatenga botolo lomwelo kuti adokotala alione.

M'mwezi wa October 2023 matenda a kolera anabuka ku Lusaka, nafalikira m'madera ambiri nyengo ya mvula. Ambiri a inu mukukumbukira kuti mu January 2024 masukulu sanatsegulidwe, ndipo munakhala kunyumba kufikira February. M'masiku amenewo ndinapita kukaona mlongo wanga wamng'ono uja, amene tsopano ali ndi banja lake ku Shikoswe. Cimbudzi cao ciri panja. Ndinakhala pa khonde ndikuona ana akutuluka m'cimbudzimo ndi kuthamangira ku masewera, osasamba m'manja. Nditafunsa kumene kuli sopo, mlongo wanga analowa kucipinda cogona, natsegula sutikesi, nam'tulutsa wokulunga m'nsalu. Tinayang'anana, ndipo tonse awiri tinakumbukira Amai. Iye anati, "Acimwene, sopo wakwera mtengo, ndikamuika panja ana amam'seweretsa m'madzi."

Sindinam'tsutse, pakuti ndimadziwa bwino mwana amene anasungunula sopo wa banja lonse. Koma sopo wa m'sutikesi sapha tizirombo ta m'manja mwa mwana, ndipo mwana sakumbuka cinthu cimene sakuciona. Loweruka lotsatira ndinabwera ndi nsungwi ndi cubu cakale. Ine ndi ana ake aamuna awiri tinamanga kathandala pafupi ndi khomo la cimbudzi, pamene munthu wotuluka sangalephere kukaona. Tinapacikapo cigubu ca madzi cobowola, ndipo sopo tinam'bowola pakati ndi kum'mangirira cingwe cacifupi, coti akagwa m'manja asafike pansi. Anyamatawo anafuna kuthinanitsa nsungwi kuti nchito ioneke yaukhondo, ndipo ndinawatuma kukayang'ana pansi pa thandala la mbale la amai ao.

Titafika pa nsanja yapamwamba, yoikapo botolo la kolorini, wamkulu wa anyamatawo anathamanga kukabwereka tepi kwa anansi. Asanabwere, mlongo wanga anali ataitana kale kamdzukulu kake ka zaka zitatu. Anakaimika pambali pa mwendo wa thandala, nakakweza dzanja ndi dzanja lake lija la cipsera, nati kwa ine, "Lembani apa, Acimwene, ndipo muonjezepo mkono umodzi."